Kagalu Kosaopa Mfuti

Hutala inaliranso kunja kwa geti, agalu nkuyamba kuuwa. A Ambrosi sanatembenuke. Ankadziwa kuti ndi mwana wawo Chrispin, yemwe anakana kutsika m'galimoto.

A Ambrosi anali pabwalo la a Ellard ku Chilomoni, kumtunda kwa msika wa Nthukwa. A Ellard anagwira ntchito zaka zambiri kwa mzungu wina ku Namiwawa. Pobwerera kwawo, mzunguyo anawasiyira agalu awiri a mtundu wa sipaniyelo: aafupi, a makutu olendewera, odziwa kusaka mbalame. Ana a agalu amenewo ndi omwe tsopano ankapiringidzana m'miyendo mwa a Ambrosi.

Galu wotere ndi amene ankamufuna. Galu wamkulu amathamangira kutali nkuulutsa nkhwali mlenje asanafike. Wamng'ono amalowa m'ziyangoyango ndipo amasaka pafupi ndi mbuye wake. Ukamuimbira likhweru amakhota, ukaimbanso amaima. Ulenje wonse wa mbalame umayendera likhweru.

Chaka chatha analakwitsa. Anagula galu wokongola ku Bangwe nkupita naye kuminda ya ku Lunzu. Mfuti yawo ya chifefe itangolira kamodzi, galu analiyatsa liwiro, osaonekanso. A Ambrosi anamufunafuna mpaka anagwera m'dzenje nkuvulala bondo. Atawagoneka m'chipatala, Chrispin anayankhulira komweko.

"Adadi, chimwalirireni amayi mukungoyenda nokhanokha m'tchire. Yesaninso kamodzi. Zikakanika, mfuti tikapereka kupolisi, inuyo mubwere tizikhala limodzi ku Naperi."

A Ambrosi anavomera ndi mutu. Nyumba ya ku Naperi ankaidziwa: mpanda wautali, mpando wofewa, wailesi ya kanema kuyambira m'mawa.

Tsono lero sanabwere kudzasirira ubweya.

Anatulutsa m'chikwama phiko la nkhwali lomangirira ku chingwe, nayamba kulikoka pansi. Tiagalu tinalithamangira, kulumphana, kulumana makutu. Kena kofiirira, ka banga loyera pachifuwa, kanabwera mochedwa chifukwa kanali mtulo pansi pa wilibala. Koma katafika sikanadumphedumphe ngati tinzake. Kanaika mphuno pansi, kanatsata fungo, kanatola phikolo mofatsa osalitafuna. Kenako kanakhala pansi nkumayang'anitsitsa manja a a Ambrosi.

Anavula chipewa, anachivalanso. Anapita kugeti, anabwerera asanafike. Panatsala mayeso enieni.

Anatulutsa matabwa awiri amene anapala okha, poti ntchito yawo ku Makata inali ya ukalipentala. Umu ndi mmene amalume awo ankayesera agalu kwawo ku Nsanje, ndipo chaka chatha, chifukwa cha phuma, iwo sanachite. Anaponya phiko pakati pa bwalo, anazungulira kumbuyo kwa tiagalu, anadikira kuti titanganidwe. Kenako anawombanitsa matabwa aja ndi mphamvu zawo zonse.

Phaa!

Nkhuku zinabalalika. Tiagalu tinathawira kuseri kwa bafa, kena kakulira ngati kapondedwa. Ngakhale make wa tiagaluto anapinda mchira nkulowa m'khola. Kofiirira kaja sikanagwedeze ngakhale khutu. Kanapitiriza kununkhiza phiko.

Anasendera pafupi, anawombanso. Chimodzimodzi.

"Aka," anatero a Ambrosi.

A Ellard anakanda m'mutu. "Madala, bwanji mutenge kakuda ako? Kali ndi changu. Pano kadzidzimuka chabe, kazolowera."

"Aka."

"Kungoti akaka kali ndi kavuto pang'ono. Mukanakhala kaye pansi ndikufotokozereni."

"Kamatsimphina?"

"Ayi."

"Kamadya?"

"Kudya ndiye kamadya kuposa ine, koma..."

"Basi."

Anthu ogulitsa a Ambrosi ankawadziwa bwino. Chinthu chikakhala chabwino amachipezera chilema, kuti achisungire bwana wina wobwera pa galimoto yaikulu. Iwo sanafune kumva nthano. Hutala inaliranso, ulendo uno motalika. Anapereka ndalama osanenerera. A Ellard anaziyang'ana, anayang'ana kukhitchini kumene kunali akazi awo, nkuziika m'thumba mwakachetechete.

A Ambrosi ananyamula kagalu kaja. Kanali kofunda, kolemera bwino, kosaphiriphitha. Chitulukireni m'chipatala, aka kanali koyamba kuyenda osakumbuka bondo. M'maganizo anali atafika kale ku Lunzu, mame ali mbuu, udzu usanatenthedwe. Ankaona kagalu kakulowa m'tchire, iwo nkuimba likhweru, iko nkukhota, nkhwali nkuvumbuluka patsogolo pa mfuti.

Chrispin anatsitsa galasi. "Nthawi yonseyi, adadi? Ine ndili ndi miting'i. Mwapeza?"

"Ndapeza."

"Sikathawanso ngati uja?"

"Aka sikaopa mfuti. Funsa eni ake."

Akutsegula chitseko cha galimoto, a Mildred, akazi a a Ellard, anatulukira pageti akuthamanga. M'manja anali ndi chiguduli chimene kagaluko kankagonera. Anachipereka kwa Chrispin, nkukasisita pamutu kagalu kaja, maso ali ndi misozi.

"Ambuye akudalitseni, bambo. Anthu onse amakasiya kameneka," anatero. "Koma mukafuna kukaitana muzipita kutsogolo kwake, kaziona manja anu. Sikamva chibadwire."