Makatani a a Thorkild

"Gulani makatani, bambo," anatero mayi Gudrun, neba wa a Thorkild, atatsamira njinga pakhomo.

A Thorkild anaseka. Pulani ya nyumbayi anaijambula okha, makoma onse magalasi okhaokha, ndipo ophunzira zomangamanga mu Copenhagen monse ankabwera kudzaisirira. Ntchito yotereyi n'kuiphimba ndi nsalu?

"Mayi, makatani ndi a anthu obisa zinthu. Ine ndi mkazi wanga Solvej tilibe chobisa."

"Zoonadi, sabisa. Koma bambo wandevu amene amabwera masana inu mukapita kuntchito uja, mumuuze azivalako malaya. Adzukulu anga anasiya kuonera kanema, amangokhala pawindo."

A Thorkild anasiya kuseka.

"Wamuonanso ndani?"

"Msewu wonse. Ngakhale dalaivala wa basi amachepetsa liwiro akafika pano."

A Thorkild analowa m'nyumba. Anapeza Solvej akudula buledi kukhitchini, ndipo anamufunsa ngati zinali zoona.

Solvej sanakane, mpeni sanauike pansi.

"Mzinda wonse umandiona, Thorkild. Iwe wekha ukafika pageti umayang'ana nyumba."