Lero Muwolotse Nokha

Lamulo latsopano linkati aliyense wofuna uphungu wa ku Nyumba ya Malamulo ayambe wakhala dzinja lonse pakhomo la m'mudzi, mwana wake n'kumaphunzira sukulu ya komweko. Maere olandira mlendo wotere atagwera pakhomo pa Nangondo, iye anachita zomwe mlendo amachitiridwa. Anabwereka matiresi, nkhuku zinatha m'khola, ndipo Tiyamike, mwana wa alendowo, ankamuwolotsa mtsinje atamubereka kumsana popita kusukulu.

Tsono pamsonkhano alendowo, Mayi Chimkwende, anaimirira n'kunena kuti, "Ndakhala nanu, ndaona ndi maso angawa. Kuno mavuto ndi ochepa, chikusowa ndi fakitale basi."

Nangondo mtima unamuwawa. Ochepa? Mwana wake anabwereza kalasi chifukwa cha mtsinje womwewo!

M'mawa mwake Nangondo anangokhala pakhonde n'kumasenda chinangwa.

"A Nangondo, Tiyamike achedwatu," anatero Mayi Chimkwende.

"Lero muwolotse nokha, amayi. Nsapato muzisenze pamutu."

Mayi Chimkwende anabwerako dzuwa litakwera, matope mpaka m'chiuno, nsapato imodzi itapita ndi madzi. Mpando anaulambalala, n'kukhala pansi.

"Ndiuzeni, a Nangondo. Tiyambe mlatho, kapena sukulu tsidya lino?"

Nangondo anawapatsira mpeni ndi chinangwa.

"Tsopano mwafika kwathu. Sendani, tikambirane."