Mwezi Unalowa M'thanki

Ndowa yachinayi ndi imene inamuthyola msana. Mayi telala anaikokera kubafa n'kukhuthulira madzi m'ngalande ngati wakuba. Madziwo anali otuwa ngati otsukira mpunga, odzaza ndi tinthu tofiirira tonga mikanda. Anatsegula mpopi kuti titsetsereke tonse, n'kuusiya ukuthira.

Thanki yagalasi ya pabalaza inali ya amuna ake, makaniko wa malole, amene anali atagona m'chipatala milungu iwiri injini itawagwera pamwendo. Munali nsomba zisanu ndi makorali, zinthu zanthambinthambi zooneka ngati miyala koma zamoyo. Zaka zisanu ndi zitatu bamboyo akuzilera. Mayiyo ankazitcha akazi anzake, chifukwa m'mawa zinkalandira moni iye asanalandire.

Tsiku lowanyamula lija, thukuta la ululu lili kamukamu, bamboyo anasiya mawu awiri okha.

"Chakudya pang'ono. Ndipo katani ya pawindopo muzitseka dzuwa likangolowa. Chonde, mayi."

Chifukwa chake sanafunse. Kunena zoona, amuna ake akayamba za thanki, iye ankapondereza mashini osokera kuti phokoso limupulumutse. Koma munthu ali ndi maso. Pakalendala ya pakhoma, tsiku la mwezi wathunthu ndi masiku otsatira ake anali ozunguliridwa ndi cholembera chofiira, chaka ndi chaka, nyengo yotentha yomweyi. Masiku amenewo bamboyo ankatseka katani mosamala, kuyatsa kanyale kabuluu pamwamba pa thanki, m'mamawa n'kudzuka ndi tochi kukasuzumira m'madzimo. Akatero ankapukusa mutu. Pashelefu panali kasefa ndi timabotolo khumi totsuka bwino, todikira tsiku la ngozi. Nanga munthu angalembe chofiira pa zinthu zabwino? Zinali zoonekeratu, mwezi ndiye unali mdani wa zinthuzi.

Ndiye taonani zimene anachita. Anatsitsa katani ija kuti aisoke mpendero, umene unang'ambika kalekale, poti nyumba ya telala ndi imene imakhala ndi nsanza. Ankafuna kuti abambo adzaipeze ili bwino. Kenako kunabwera kasitomala wa madiresi a ukwati, katani n'kukwiririka pansi pa mulu wa nsalu. Sabata yathunthu windo lili pululu. Babu la panja la aneba, loyaka usiku wonse, nalonso linali litapsa, moti mwezi unkalowa wokhawokha, kuchita kusamba m'thankimo. Kanyale kabuluu sanakayatseko n'kamodzi komwe.

Lero, tsiku lotuluka amuna ake m'chipatala, anadzuka n'kupeza madzi atatuwa, timikanda tija tili yandayanda pamwamba, kafungo kachilendo katadzaza pabalaza.

"Mayo ine, ndapha!"

Anaona kuti makorali akusungunuka, ndipo wowasungunula anali iye. Manyazi anamugwira kuposa mantha. Munthu amene sanamupemphepo kanthu kakakulu chikwatiranireni, lero wapempha katani yokha, iye n'kulephera.

Mwayi wake, kusintha madzi anali ataonerera kangapo ndi diso la m'mbali. Mgolo wa madzi amchere osakaniza kale unali pakona. Anapopa ndi paipi, anawola pamwamba ndi kasefa kaja, anapopanso, mpaka sipanatsale kamkanda n'kamodzi. Pofika masana madzi anali mbee, nsomba zikusambira ngati sipanachitike kanthu, makorali ali chilili. Katani inabwerera pamalo pake, mpendero wosokedwa mothamanga, wokhota moti akanakhala wa kasitomala akanaubweza.

Anakhala pampando, manja akununkha mchere. Anene kapena asanene? Zinthu wazipulumutsa, inde, koma kulakwa kunali kwake ndithu.

Galimoto inaima panja. Amuna ake analowa ndi ndodo ziwiri, ataonda, ndevu zitamera. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ndi zitatu, anayamba kupereka moni kwa iye.

"Muli bwanji, mayi? Akazi anzanu sanakuvutitseni?"

Zimenezi zinamupweteka koposa. Akanakonda akanangomudutsa monga mwa masiku onse.

"Abambo, pali kanthu koti ndikuuzeni. Katani ija..."

"Ndaiona, mwaisoka. Zikomo."

Anali atafika kale pathanki. Anayang'ana pakalendala, n'kuwerama movutikira, mphumi itagunda galasi. Anayang'ana pamwamba pa madzi, m'makona, kuseri kwa makorali. Mayiyo ankaopa kuti mwina katsala kamkanda kamodzi komuulula. Sikanatsale. Bamboyo anapukusa mutu ngati kale, n'kudziponya pampando.

"Mwasamala bwino, mayi, madzi ali mbee. Koma chaka chinonso zakanika."

"Zakanika chiyani?"

"Kuswana. Makorali amatsatira mwezi, amaswana kamodzi pachaka. Katani ndimatsekera babu la aneba lija, limawasokoneza, ndiye kanyale kabuluu kamakhala ngati mwezi wawo. Koma kaya, mwina amadziwa kuti ndi wabodza." Analoza timabotolo tija ndi ndodo. "Tsiku limene mudzaone madzi atatuwa, timikanda tofiirira tili yandayanda, musadzakhudze kanthu. Mudzandiitane ngakhale ndili kumapeto a dziko. Amenewo ndi mazira, mayi. Zaka zisanu ndi zitatu ndikuwadikira."

Kubafa mpopi uja unali ukuthirabe.