Ulonda wa Namzeze

Padangotero, udzu utapsa m'dambo, nkhanga zinkadya m'timagulu tomwazikana. Gulu lililonse linali ndi mlonda wake. Wina akaona chiwombankhanga ankalira, mlonda n'kukuwira mlonda wa gulu loyandikana, mpaka onse athawire m'tchire.

Namzeze ndi Nkhwali analimbirana ulonda wa gulu la Nangondo, nkhanga ya anapiye.

"Ine magulu onse ndimawafika musanaphethire," anatero Namzeze.

"Inetu ndimangoyenda pomwe mukuyenda inupo," anatero Nkhwali.

Gulu linamuseka Nkhwali, n'kusankha Namzeze.

Mtima wa Nangondo unali m'mwamba. Akadzutsa mutu, mlonda ali kumtsinje. Akadzutsanso, ali kuphiri.

Tsiku lina mthunzi wa chiwombankhanga unagwera anapiye ake. Nangondo analira mpaka mawu kusasa, koma mlonda anali kutali. Nkhwali anakuwa, koma alonda ena ankadikira mawu a Namzeze, ndipo anapitiriza kujompha.

Kenaka Namzeze anatera ali wefuwefu. "Mayi, ndazungulira konse, kuli mtendere!"

Nangondo anayang'ana tinthenga ta mwanapiye wake tili mbwee pansi.

"Konse munafikadi, achimwene. Kuno kokha ayi."