Ndolo za pa ukwati ndi khutu la Princess

Panali mayi wina kwa Nazombe, dzina lake Aliness. Mwana wake Princess anabadwa ndi khutu lakumanja lopinimbira, kakang'ono ngati kanyemba. Kusukulu anzake ankamuseka, mwana n'kumabwerako akulira.

Aliness sanali munthu wogonja. Madokotala ku Blantyre anamuuza kuti adikire mwanayo akule kaye, ndipo anadikiradi zaka. Anthu pamudzi ankati, "Mulungu anamulenga choncho, musiyeni." Iye ankayankha kuti, "Nanga nzeru za madokotala anapereka ndani?"

Nthawi itakwana, madokotala anadula kafupa kofewa kunthiti za Princess, n'kukasema ngati khutu, n'kukalowetsa pansi pa khungu. Khutu linatuluka lokongola zedi. Koma adokotala anachenjeza kuti, "Mayi, khutuli musakaliboole kumudzi. Likachita bala, fupa lam'katilo limaola. Nthawi yake ikadzakwana tidzaboola ndife."

Patangotha miyezi yochepa kunagwa ukwati ku Migowi, ndipo Princess anasankhidwa m'gulu la ovina. A Belita, achemwali ake a Aliness, anatulukira ndi ndolo.

"Anzake onse avala ndolo, wathuyu yekha ayi?"

"Achemwali, adokotala anakaniza."

"Aaa, madokotala amangoopseza! Ana onse pamudzi pano ndinawaboola ndine. Anafapo ndani?"

Aliness anaona mwana wake maso ali pa ndolozo, chifundo n'kumugwira. Mayi amene anakana kumvera mudzi wonse kwa zaka zonsezo anagonja pa singano yosokera zovala. A Belita anaboola khutu lija.

Princess anavinadi, ndolo zikunyezimira. Koma posakhalitsa khutu linatupa n'kuyamba kutuluka mafinya. Pomafika ku Blantyre fupa linali litaola, madokotala n'kulichotsa lonse. Aliness analira ngati pamaliro, chifukwa ankadziwa kuti wavomereza yekha.

"Titha kuyesanso akachira," anatero adokotala, "koma ndiye kudulanso nthiti za mbali inayo, ndipo kumeneko n'komaliza."

Aliness anatembenukira kwa mwana wake. Amene anayankha ndi Princess.

"Ululu wake ndikuudziwa kale. Amayi, pukutani misozi, tidzabweranso. Koma amayi aakulu asadzandigwirenso khutu."

Phunziro: Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wachipatala akakuletsani chinthu, musalole kuti m'bale akupotozeni, ngakhale atakhala wamkulu kwa inu. Chikondwerero ndi cha tsiku limodzi, koma chipsera mwana amayenda nacho moyo wake wonse. Tumizirani makolo anzanu, mwina wina ali ndi singano m'manja pompano.