Disiki Yachinayi

Bwana watsopano analowa m'chipinda cha makina osagogoda, a Mavu ali mkati mosintha tepi yosungira mafayilo. Iwo sanacheuke n'komwe. Dzina la Mavuli anawapatsa ndi anzawo a pantchito, ndipo sanawanamizire: ukawafunsa za kompyuta yaikulu ya kampaniyo, unkachokapo utatupa.

Bwanayu anali mayi, ndipo a Mavu anamuda asanamuone. Mphekesera inali ponseponse yoti wabwera kudzachotsa nkhalamba, chonsecho nkhalamba ya mu ofesimo anali iwo okha. Zaka zonsezi akuzizidwa m'chipindamo, mapeto ake achotsedwe ndi mwana wadzulodzuloli! Zinkawawawa mpaka m'mafupa.

Mayiyo anaima patsogolo pa kabati ya makina n'kumayang'ana timagetsi tobiriwira. Anati nthambi ina ya kampaniyo ikufuna disiki imodzi mwamsanga, ndiye a Mavu amuonetse disiki yopanda kanthu, kapena yosunga mafayilo akale okhaokha.

A Mavu anaseka chamumtima. Funso lotere amafunsa ndi munthu wozolowera kakompyuta ka patebulo, komwe fayilo iliyonse imakhala yathunthu pa disiki imodzi. Makina awa ndi ena. Kwa makinawa, memori ndi madisiki onse ndi chipinda chimodzi chachikulu, ndipo chinthu chilichonse chili ndi adiresi yake imodzi. Zimene anthu akugwiritsa ntchito zimakwera mu memori, akazisiya zimatsikira ku disiki, popanda wozituma. Fayilo nayo sikhala pamodzi: makina amaiduladula n'kuimwaza pa madisiki onse ngati mchere m'ndiwo. Komanso madisiki a pano analibe anzawo obwereza zomwe zalembedwa. Kuzula imodzi kunali kupha zonse, maoda a makasitomala ndi zakatundu zomwe, kampani n'kuima mpaka zonse zitabwezedwa kuchokera pa matepi.

Kufotokoza zimenezi sikukanawatengera nthawi. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo uyu sanali mnansi wawo. Makina akafera m'manja mwake, woyamba kulongedza akhala iyeyo, ndipo akuluakulu adzabwera kudzawagwira mwendo a Mavu kuti awadzutse.

"Yachinayiyo, bwana," anatero akuloza ndi chibwano. "Mulibe kanthu."

Mayiyo anaika dzanja pa chogwirira cha disikiyo. Sanakoke. Anawayang'ana m'maso kanthawi ndithu.

"Mukutsimikiza, bambo? Palibe chomwe mukufuna kundiuza?"

"Ophunzira ndinu. Ine ndingakuuzeni chiyani?"

A Mavu analibe mantha. Ankadikira kuti timagetsi tija tisanduke tachikasu, mafoni ayambe kulira, iwo apinde manja n'kumaonerera.

Mayiyo anachotsa dzanja pang'onopang'ono, disiki ili pamalo pake, n'kulunjika kuchitseko.

"Ndisanabwere kuno, ntchito yanga inali kuphunzitsa anthu makina a mtundu womwewu," anatero. "Ofuna kuti muchoke ndi akuluakulu. Ine ndiye ndakhala ndikukana. Ndinawauza kuti anthu mumaluma, inde, koma makinawa simungalole kuti afe. Anati ndikuyeseni kaye. Ndikupita kukawauza kuti ndinalakwitsa."