Zikhatho za Mlendo

Chibwerere mayi ake ku Zambia kuno kudzaona khanda, Mwatitha anabisa makasu ndi tsache kudenga. Masiku ano makina owonjezera viza amayeza zikhatho. Mlendo akapezeka ndi matuza, amati wagwira ntchito, ndipo amamubweza kumalire tsiku lomwelo.

"Amayi, chonde ingokhalani," ankawadandaulira uku akuwapaka mafuta m'manja.

"Ndikhale ngati wodwala pakhomo pa mkamwini? Anthu aziti chiyani?"

M'mawa wa tsiku lopita kumakinako, Mwatitha anadzidzimuka ndi kugunda kwa musi. Mtondo uja anaiwala kubisa! Anathamangira kuseri kwa nyumba.

Mayiwo anatsamiritsa musi, natambasula manja ofiira psu.

"Iwe ukuyamwitsa. Phala lako akusinjira makinawo?"